Akauntanti amalandira zingati?

Pasukulu pano ntchito zimene timazidziwa bwino ndi zinayi: uphunzitsi, unamwino, upolisi ndi usilikali. Timazidziwa chifukwa eni ake timawaona ndi maso, ena timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Koma chaka chino ukafunsa a Fomu 2 kuti akufuna kudzakhala ndani, pali yankho lina limene layamba kuchuluka: "Ine akauntanti." Wina pofuna kuposa anzake amati, "Ine ikonomisiti." Ukafunsa chifukwa chake, onse amayankha chimodzimodzi, ati kumeneko ndiye kuli ndalama. Ukafunsanso kuti nanga munthuyo akalowa mu ofesi m'mawa amachita chiyani mpaka madzulo, kuli zii.

Inenso ndili m'gulu lomwelo la osirira ntchito zimenezi, ndiye wina asaganize kuti ndikumuseka. Kungoti ndakhala ndikufunsafunsa kwa aphunzitsi, kwa achimwene anga a kwa amayi aakulu amene amagwira ntchito ya maakaunti ku Lilongwe, komanso ndimatchera khutu wailesi ikamakamba za chuma. Ndati ndilembe pano zimene ndatolera, kuti tisanalembe JCE tidziwe chimene tikuchithamangira.

Ntchito ya akauntanti ndinayamba kuimvetsa pa banki mkhonde ya amayi anga. Gululi lili ndi amayi 20 ndi abambo awiri, ndipo limakumana Lachinayi lililonse masana. Alembi ake ndi mayi achikulire amene maso anayamba kuwavuta, choncho pa holide ndimakhala pambali pawo n'kumalemba m'kope zimene akundiuza. Ukaionera patali ntchitoyo ndi yophweka. Awa agula masheya atatu, awa abweza ngongole ndi chiwongoladzanja chake, awa achedwa ndiye alipira chindapusa, awa akongola. Koma pomaliza pali lamulo limodzi losasintha: ndalama zimene zili m'mbale zifanane ndi zimene zili m'kope. Zikasiyana, ngakhale ndi K200 yokha, palibe amanyamuka. Amawerenganso kachiwiri, kachitatu, dzuwa likupendeka, ana akudikira nsima kunyumba, mpaka ipezeke. Tsiku lina inasowa K1,000. Anthu oti amaphikira limodzi pamaliro anayamba kuyang'anana cham'mbali, mayi ena mpaka anavula mpango n'kuukutumula kuti onse aone kuti mulibe kanthu. Inapezeka itamatirana ndi inzake. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu amene apulumuka pa chinthu choipa. Chikanakhala kuti kope lija linalembedwa mosasamala, gulu likanatha tsiku lomwelo, ndipo ena sakanalankhulananso.

Achimwene nditawafotokozera zimenezi anati ntchito yawo ndi yomweyo, kungoti mbale yawo ndi akaunti ya kubanki ndipo kope lawo ndi kompyuta. Mwezi ukamatha amayerekeza zimene banki ikunena ndi zimene mabuku a kampani akunena. Amakonza malipiro a antchito anzawo, amawerengera msonkho wopita ku MRA, amalondola malisiti a chilichonse chimene chagulidwa, ngakhale tsache. Masiku amenewo amaweruka kutada. Kamodzi pachaka kumabwera maodita, anthu ochokera kunja kwa kampani, kudzafufuza ngati zimene zinalembedwa zili zoona, ndipo akapeza ndalama yotuluka popanda lisiti amafunsa mafunso ngati apolisi. Ku boma ntchito yofufuzayi ili m'manja mwa ofesi ya Auditor General. Chimene ambiri aife sitiganizira n'chakuti ndalama zonse zimene akauntanti amawerengazo ndi za eni. Mamiliyoni amadutsa pamaso pake tsiku lonse, madzulo iye n'kukakwera minibasi kubwerera ku nyumba ya lendi.

Ntchito ya katswiri wa zachuma ndi ina, ndipo nayonso ndinaionera pa gulu lomwe lija. Mu Disembala 2023 anagawana ndalama za chaka chonse. Kope linali bwinobwino, palibe tambala inasowa, ndipo amayi analandira zambiri kuposa chaka chinzake. Anabwera kunyumba akuimba. Koma atapita kukagula feteleza woonjezera, anabwera ndi wochepa kuposa amene anagula chaka chinzake ndi ndalama zochepa. Akauntanti akanaona kope lija akanati zonse zili m'malo mwake, ndipo sakananama. Funso lakuti ndalama zachuluka koma katundu wachepa, chachitika n'chiyani, limenelo ndi la katswiri wa zachuma.

Yankho lake, monga ndalimvera, lili motere. Feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala ambiri dziko lathu limagula kunja, ndipo kunjako salandira kwacha, amafuna madola. Madolawo timawapeza tikagulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina. N'chifukwa chake ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma mitengo ya fodya amaitchula m'madola. Vuto n'lakuti zimene timagula kunja n'zambiri kuposa zimene timagulitsa, ndiye madola amasowa, ndipo chinthu chosowa chimakwera mtengo. Mu Meyi 2022 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Sipanadutse sabata, sopo ndi mafuta ophikira pa golosale ya pamsika pathu zinali zitakwera. Ngakhale feteleza wa makuponi uja, thumba linali K4,495 mu 2020, linafika K7,500 mu 2021, kenako K15,000 mu 2022. Mukhozanso kuona pa ndalama zapepala zenizenizo. K1,000 inatuluka mu 2012, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022. Agogo anga amati boma likulemera poti likupanga ndalama zikuluzikulu. Ine sindiwatsutsa pamaso, koma ndalama yaikulu imabwera chifukwa yaing'ono yasiya kugula kanthu.

Anthu amene amaphunzira zimenezi amagwira ntchito ku Reserve Bank ku Lilongwe, ku Unduna wa Zachuma ku Capital Hill kumene amakonza bajeti ya dziko, ku National Statistical Office ku Zomba kumene amatolera mitengo ya zinthu mwezi ndi mwezi kuti adziwe mmene yakwerera, komanso m'mabanki ndi m'mabungwe. Malemu Bingu wa Mutharika anali katswiri wa zachuma. Malemu Goodall Gondwe nawonso, ndipo anagwirapo ntchito ku IMF asanakhale nduna ya zachuma. Kunena zoona mtima wanga umakonda mbali imeneyi, chifukwa mafunso ake ndi omwewo amene bambo anga amafunsa akakhala pakhonde: bwanji boma limalengeza mtengo wogulira soya koma mavenda amagula motsika, ife n'kumagulitsabe? Bwanji chimanga chimatchipa mu Meyi pamene tili nacho, n'kudzakwera mu Januwale pamene tikuchifuna? Koma tiwerenge bwino. Reserve Bank ndi imodzi m'dziko lonse. Unduna wa Zachuma ndi umodzi. Pamene munthu wosunga mabuku a ndalama amafunika pa khonsolo iliyonse, pa chipatala cha mishoni, pa sukulu yogonera, pa SACCO, pa kopaletivu ya alimi, pa esiteti, ngakhale pa holoselo ya pa boma. Ambiri amene anaphunzira zachuma amathera ku ntchito zina, monga za kubanki, za mapulojekiti a mabungwe, kapena kuphunzitsa, ndipo ofuna kutchedwa akatswiri enieni nthawi zambiri amabwereranso kusukulu kukatenga digiri yachiwiri.

Tsopano funso limene nonse mukulidikira: amalandira zingati?

Ku boma salipira potengera dzina la ntchito, amalipira potengera giredi. Magirediwo ndi zilembo, A ali pamwamba penipeni. Wothandizira pa maakaunti amayambira pa M, wa dipuloma pa K, ndipo wa digiri, kaya ndi akauntanti kaya ndi katswiri wa zachuma, amayambira pa I. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mphunzitsi wa sekondale amene ali ndi digiri amayambiranso pa giredi yomweyo. Ndiye inu amene mumati simungagwire choko chifukwa mukufuna kukalemera ndi uakauntanti wa boma, dziwani kuti mwezi ukatha mukakumana ndi aphunzitsi anu pamzere womwewo wa ku banki, ndipo zimene mukatenge sizikasiyana kwenikweni.

Kunja kwa boma ndiye kulibe muyezo umodzi. Mabanki, makampani akuluakulu ndi mabungwe a kunja amalipira bwino, makamaka munthu amene wamaliza mayeso onse a ukatswiri ndipo wagwira ntchito zaka zingapo. Amenewo ndi amene timawaona akubwera pa Khirisimasi ndi galimoto, ife n'kumati akauntanti aliyense ali choncho. Koma aliponso ena olemba mabuku m'mashopu ndi m'timakampani ting'onoting'ono amene malipiro awo sali kutali kwenikweni ndi malipiro otsikitsitsa amene boma limalamula, amene mu 2024 anali K90,000 pamwezi. Onsewo kumudzi timawatchula dzina limodzi.

Ndiye pali nkhani ya ndalama yolembedwa papepala ndi ndalama yofika m'thumba. Tiyeni tichite samu, a Fomu 1 mukhoza kutsatira. Tiyerekeze kuti munthu walembedwa ntchito pa K500,000 pamwezi, ndipo tigwiritse ntchito malamulo a msonkho a mu 2024. K150,000 yoyambirira sidulidwa msonkho. K350,000 yotsalayo imadulidwa 25 peresenti, imene ndi K87,500. Penshoni amadula 5 peresenti ya malipiro, imene ndi K25,000, ndipo owalemba ntchito amaonjezerapo 10 peresenti yawo, koma imeneyo munthu adzaiona atakalamba. Zotsala ndi K387,500. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa ife K387,500 ndi ndalama yoti bambo amaigwira kamodzi pachaka akagulitsa mtedza, ndiye imamveka yambiri zedi. Koma m'tauni mulibe nkhokwe. Nyumba ndi ya lendi, madzi ogula, makala ogula, ufa wogula, ngakhale chisoso chimene kuno timachipalira n'kutaya amachiika pamulu n'kumagulitsa. Minibasi kupita ndi kubwera tsiku lililonse. Ngati munthuyo anaphunzira ndi ngongole ya boma ya ophunzira a ku yunivesite, nayonso imafuna kubwezedwa. Kuonjezera apo, kumudzi kukangomveka kuti uje wayamba ntchito, foni yake siikhalanso chete: fizi, feteleza, matenda, maliro. Mmodzi mwa anthu amene amaimbira achimwene teremu ikamayamba ndine, ndiye nkhaniyi ndikuidziwa bwino.

Samu ina ndi iyi. Munthu yemwe uja wa K500,000, kumayambiriro kwa Novembala 2023 malipiro ake anali ofanana ndi madola pafupifupi 420. Mwezi womwewo usanathe anali madola pafupifupi 290. Palibe anamudula, palibe anamutsitsa udindo, pepala lake la malipiro linali lomwelo. Kuyambira pamene ndinachita samu imeneyi, munthu akandiuza malipiro a ntchito ina ndimafuna ndidziwe kaye kuti ndi a chaka chiti, ndipo angagule matumba angati a feteleza.

Komanso digiri si kalata yolowera ntchito. Achimwene anakhala chaka ndi miyezi akutumiza makalata, uku akuthandiza pa shopu ya munthu kuti apeze ya sopo. Boma linayamba mu 2018 kutenga achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede kuti azikaphunzira ntchito m'maofesi ake n'kumalandira kangachepe, ndipo chifukwa chake chinali chomwechi, kuti ambiri anali atangokhala ndi mapepala awo kunyumba.

Pali chinthu china chimene chimandinyansa, ndipo ndichinena ngakhale ena sakondwa. Anzanga ena akamati ku maakaunti kuli ndalama, sanena za malipiro ayi. Amanena akutsinzinira diso limodzi. Kumudzi nakonso akauntanti akagwira ntchito zaka zisanu osamanga nyumba ya malata, anthu amati ndi wogona, anzake akudya iye akuyang'ana. Mu 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate, pamene ndalama za boma mabiliyoni zinabedwa ku Capital Hill polipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Ena mwa amene anamangidwa anali anthu a m'maofesi a maakaunti, ena ogwira ntchito za pansi ndithu, amene anapezeka ndi ndalama zankhaninkhani m'nyumba ndi m'galimoto. Mayiko amene ankathandiza bajeti yathu anaimitsa thandizo lawo, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana asukulu ngati ife. Tikamadandaula kuti buku limodzi tikuwerenga anthu asanu, tizikumbukira kuti kwinakwake ndalama za m'mbale zinasiyana ndi za m'kope, ndipo anthu ananyamuka osawerenganso. Amene akufuna ntchitoyi ndi maganizo otsinzinira diso aja, kuli bwino asankhe ina.

Nanga njira yake kwa ife a sukulu yoyendera ndi iti? Digiri ya zowerengera ndalama amaphunzitsa ku MUBAS ku Blantyre, imene makolo athu amaidziwa ndi dzina lakuti Polytechnic. Zachuma amaphunzitsa ku UNIMA ku Zomba, kumene kale kunkatchedwa Chancellor College. Ku LUANAR, ku Bunda, kuli zachuma zokhudza ulimi, ndipo ndikuona kuti ife ana a alimi tikhoza kuzimva msanga kuposa a m'tauni, poti mitengo ya mbewu tinayamba kuimva tili kumsana. Maphunziro onsewa ndi a zaka zinayi. Kuti NCHE ikuganizire pa chisankho, umafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro amenewa Masamu ndiye mwini nkhani. Kirediti ndi giredi 6 kapena kuposera apo, ndipo mapointi amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino. Tikulimbirana malo ndi a sukulu zogonera amene ali ndi magetsi, laibulale ndi nthawi yowerenga usiku, pamene ife tikaweruka tiyende mtunda, titunge madzi, timwetse mbuzi. Ena ochokera ku sukulu ngati yathu amasankhidwa ndithu, koma ndi ochepa, ndipo palibe chifukwa chonamizana.

Apa ndi pamene ntchito ziwirizi zimasiyana kwambiri kwa munthu ngati ine. Zachuma khomo lake ndi yunivesite basi. Ukaphonya chisankho, kwatsala makoleji olipira okha, amene fizi yake bambo anga sangaikwanitse ngakhale atagulitsa ng'ombe zimene alibe. Zowerengera ndalama zili ndi khomo lachiwiri. Bungwe la ICAM limalembetsa mayeso kuyambira pa satifiketi, kubwera dipuloma, mpaka pa ukatswiri weniweni, ndipo munthu amayamba ndi MSCE, bola Chingerezi ndi Masamu zikhale bwino. Ena amakaphunzira ku Malawi College of Accountancy, imene ili ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ena amawerenga madzulo uku akugwira ntchito masana. Si zaulere, mayeso amalipiridwa, mabuku amagulidwa, ndipo anthu amalephera n'kubwereza. Koma ukhoza kukwera pang'onopang'ono monga thumba likulolera. Ngakhale a digiri amene, kuti afike pa malipiro aja timawasirira, amalembabe mayeso a ICAM kapena a ACCA atamaliza yunivesite. Sukulu yake siitha msanga.

Choncho ine ndaganiza motere. Ndidzalimbikira kuti ndipeze mapointi ondifikitsa ku Zomba kapena ku Bunda, chifukwa mafunso a bambo aja ndikufuna ndidzawayankhe bwinobwino tsiku lina. Zikadzakanika, ndidzalowera khomo la ICAM, ndipo sindidzachita manyazi kuyambira pa kopaletivu ya kwathu konkuno, kumene alimi amagulitsa soya pamodzi koma wolemba mabuku amachita kubwereka. Njira zonse ziwirizi zikudutsa pa phunziro limodzi, lomwe lija ambiri timalithawa. Ndaonapo anthu akuti akufuna kudzakhala akauntanti, koma belu la Masamu likangolira amapempha kupita kuseri n'kubwera piriyodi itatha. Atsikana ena amati Masamu ndi a anyamata, chonsecho amayi awo ndi amene amawerengera chiwongoladzanja cha anthu 22 pamtima, osalakwitsa ndi K50 yomwe.

Tagwirizana anthu asanu ndi awiri a Fomu 2 kuti Lachiwiri ndi Lachitatu tikaweruka tizitsala ola limodzi n'kumachita mapepala akale a Masamu a JCE. Aphunzitsi a Masamu avomera kutibwereka mapepalawo, ndipo ati azidzationa akakhala ndi mpata. Tikuyamba ndi maperesenti ndi chiwongoladzanja, kenako alijebura amene akutizunza tonse. Amene akufuna abwere m'kalasi ya Fomu 2 ndi kope lapadera. Mutengeko mbatata kapena chimanga chokazinga chifukwa njala ya masana siimva samu, ndipo a kutsidya kwa dambo tizibwerera limodzi kuti pasakhale woyenda yekha.